Gitala Yolira Ngati Chigayo: Mafunso ndi Mayankho pa Nyimbo Zoyamba za Magulu Odzijambula Okha

Mwana wa mlongo wanga wa ku Petauke ananditumizira nyimbo zinayi pa WhatsApp, n'kulemba kuti, "Amalume, mumve ndipo munene zoona." Anazijambula ndi anzake atatu m'nyumba yosatha kumanga, foni ataikhazika pa njerwa. Nditaziika pa sipika, agogo ake amene anali kusenda nsawawa pakhonde anafunsa ngati chigayo cha kutsidya chayambanso kuvuta. Anyamatawo akuti amaimba metal. Chiyambire tsikulo ndakhala ndikufunsidwa mafunso, ena ndi abale, ena ndi anzanga a kutchalitchi, ndipo amene amabwerabwera ndi awa.

Kodi metal n'chiyani, ndipo ikusiyana pati ndi rock?

Metal ndi mwana wa rock, koma mwana wolemera thupi ndi waliuma. Zoimbira n'zomwezo: gitala yamagetsi, besi, ng'oma ndi mawu a munthu. Kusiyana kwake n'kwakuti gitala imalizidwa mokhuthala ndi mwaukali, ndipo msana wa nyimbo ndi kachidutswa kafupi ka gitala kobwerezabwereza, kamene oimba amakatcha riff. Ambiri amaloza ku Birmingham, mzinda wa mafakitale ku England, kumene anyamata anayi a gulu la Black Sabbath anatulutsa chimbale chawo choyamba mu February 1970. Woimba gitala wawo, Tony Iommi, anali atadulidwa nsonga za zala ziwiri ndi makina kufakitale. Pofuna kuchepetsa ululu ankagwiritsa ntchito nsambo zofewa, ndipo pambuyo pake anayamba kuzimasulako kuti zisakungike kwambiri, mawu ake n'kutsika, kukhala obangula. Chimbale choyambacho anachijambula tsiku limodzi lokha, mu October 1969. Muzikumbuke zimenezi pamene tikukamba za anyamata ojambula mothamanga.

Kodi izi si nyimbo za azungu? Kuno kwathu zinayamba zakhalako?

Zinakhalako, ndipo anthu ambiri a zaka zopitirira 60 anazivina, kungoti dzina lake linali Zamrock. M'zaka za m'ma 1970 achinyamata a ku Kitwe, Ndola, Chingola ndi Lusaka anatola magitala atamva Jimi Hendrix, Rolling Stones, Deep Purple ndi Black Sabbath, n'kusakaniza ndi kaimbidwe ka kumudzi kwawo. Kunali WITCH ya Emmanuel Chanda, amene anamutcha Jagari chifukwa ankadumpha pasiteji ngati Mick Jagger. Kunali Amanaz, Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga, The Peace, Blackfoot, ndi Keith Mlevhu amene ankaimba yekha zida zonse pa zimbale zake. Pakati pa zaka zimenezo Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse zomveka pa wailesi zikhale za ku Zambia, ndipo mwadzidzidzi aliyense wodziwa kugwira gitala anapeza msika.

Ndinene mosabisa kuti Zamrock yonse si metal. Zambiri mwa nyimbozo ndi rock wamba, zina n'zofatsa zoti mungagonekere mwana. Koma amene anayandikira kwambiri metal ndi wa chilankhulo chathu, Paul Ngozi, dzina lake lenileni Paul Dobson Nyirongo, amene anabadwa mu 1949 n'kumwalira mu 1989. Chimbale cha gulu lake la Ngozi Family cha mu 1976, Day of Judgement, ndi china cha mu 1977, 45,000 Volts, zili ndi gitala yolemera yoti mwana wa mlongo wangayo atayimva anakhala duu kwa kanthawi, kenaka n'kufunsa ngati woimbayo analidi wa ku Lusaka. Anali wa ku Lusaka, ankaimba m'Chinyanja ndi m'Chingerezi, ndipo ku Kabwata kuli msewu wa dzina lake. Lero metal yeniyeni ya kum'mwera kwa Africa yazika mizu kwambiri ku Botswana, kumene kuli magulu monga Wrust, Skinflint ndi Overthrust ya ku Ghanzi.

Akati gulu "lilibe kampani" amatanthauza chiyani?

Amatanthauza kuti palibe kampani yojambula nyimbo imene yasainirana nalo pangano. Palibe wolipira situdiyo, palibe wosindikiza zimbale, palibe wozitengera ku wailesi kapena kusitolo. Oimbawo amasonkha okha, amajambula okha, amagulitsa okha. Chimbale choyamba cha WITCH, chotchedwa Introduction, chinabadwa motero kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Panthawiyo ku Zambia kunalibe makina oumbira mbale za galamafoni, choncho tepi inapita ku Nairobi, n'kubwerako mbale mahandiredi ochepa chabe zimene anyamatawo ankagulitsa pamanja kumalo kumene akuimba. Pambuyo pake m'pamene Edward Khuzwayo wa Zambia Music Parlour ku Ndola, ndi kampani ya Teal, anayamba kunyamula magulu otere.

Kunja nakonso njira inali yomweyo. Iron Maiden ya ku London inajambula nyimbo zake zoyamba mu December 1978 ndi ndalama za m'thumba, n'kuzitulutsa yokha mu 1979 pa kambale kotchedwa The Soundhouse Tapes, makope 5,000. Metallica inatchuka ndi kaseti ya mu 1982 imene anthu ankakoperana ndi kutumizirana pa positi. Kusowa kampani sikunena kanthu za luso. Kumangonena za thumba.

Phokoso lokhadzula lija, kodi si sipika yong'ambika kapena waya wolumikizidwa molakwika?

Apa m'pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndichedwapo. Pa nyimbo zotere pamakhala phokoso la mitundu iwiri, ndipo womvera wanzeru amaphunzira kuwasiyanitsa monga mmene mayi amasiyanitsira kulira kwa njala ndi kulira kwa matenda.

Loyamba ndi la dala. Mukakweza mphamvu yolowa mu ampulifaya kupyola imene ingathe kunyamula, mawu a gitala amaphwanyika nsonga, n'kumveka okhakhala ndi okhalitsa. Oimba anazikonda zimenezi mpaka anthu anapanga kabokosi koponda ndi phazi kochitira zomwezo, kotchedwa fuzz. Dave Davies wa gulu la The Kinks anachita kucheka sipika yake ndi lezala mu 1964 kuti apeze kulira kumeneku. Kwa ife sizachilendo kwenikweni. Wopanga kalimba amaboola chigubu n'kumata pabowopo kansalu koyera ka kangaude kuti chizinjenjemera, ena amamangirira tizitsekerero ta mabotolo kuti tizichita phokoso. Woimba kalimba mukamuchotsera kunjenjemerako adzakuuzani kuti chida chake chafa. Fuzz ya Paul Ngozi ndi kansalu ka kangaude ka magetsi.

Lachiwiri ndi la umphawi. Ndi mluzu wa tepi yotsika mtengo, kung'ung'udza kwa waya wopanda nthaka, mbale zachitsulo za ng'oma zimene zimameza mawu a woimba chifukwa maikolofoni inali imodzi, besi yosamveka chifukwa kamaikolofoni ka foni sikatola mawu otsika. Phokoso ili palibe analisankha. Njira yanga yowasiyanitsira n'njosavuta: mverani pamene gitala yaleka kulira. Ngati kukhadzulako kwaleka nayo, n'kwa woimba. Ngati kukupitirira pamene onse ali chete, n'kwa zida. Pa nyimbo za anyamata a ku Petauke zija ndinapeza onse awiri, komanso tambala wa aneba amene analowerera m'nyimbo yachitatu.

Nanga chokoma n'chiyani m'nyimbo zojambulidwa movutikira chonchi?

Chachikulu n'chakuti mumamva anthu akuimbira limodzi m'chipinda chimodzi, nthawi imodzi. Wang'oma akafulumira, onse amathamanga naye. Wagitala akaphonya, wabesi amamudikira kapena kumukoka. Situdiyo yamakono imajambula chida chilichonse pachokha, kompyuta n'kuwongola paliponse pokhota, ndipo chotuluka chimakhala chosalala ngati nsima ya ufa woyera wa m'sitolo. Nyimbo zoyamba ndi mgaiwa. Zimakanda pakhosi, koma mumadziwa kuti mwadya chimanga.

Chinanso n'chakuti nyimbo zoyamba zimakhala zitapsa kale pamaso pa anthu. Gulu lisanapeze ndalama ya situdiyo limakhala litaziimba kambirimbiri m'mabala ndi m'maholo, ndipo zimene anthu sanavine zinafera komweko. Komanso palibe bwana wa kampani wouza anyamata kuti fupikitsani apa, chotsani mawu awa, imbani ngati uje amene akugulitsa. Pa Introduction pali nyimbo imene Jagari amangotchula anzake mmodzimmodzi, aliyense n'kuonetsa chida chake, monga amachitira pasiteji. Munthu wa malonda akanaichotsa. Lero ndi kumene timamva maina a Chris Mbewe, John Muma, Gedeon Mulenga ndi Boidi Sinkala akuitanidwa ali anyamata, pamene onsewo anatisiya.

Ndiye zofooka zake zenizeni n'ziti, tikachotsa za zida?

Okonda nyimbozi sakonda funso ili, koma mwana anati ndinene zoona. Choyamba ndi kutchuna. Gitala yosatchunidwa bwino si umphawi, ndi ulesi kapena khutu losaphunzira, ndipo fuzz imakulitsa cholakwacho m'malo mochibisa. Pa zimbale zingapo za Zamrock, ngakhale zotchuka, muli malo pamene gitala ndi besi zikukangana poyera.

Chachiwiri ndi kutengera. Gulu latsopano limaimba ndi pakamwa pa amene limawasirira. Introduction, kunena chilungamo, ndi anyamata a ku Kitwe akuyesa kukhala Rolling Stones, ndipo Chingerezi chake nthawi zina chimapunduka chifukwa mawu akukakamizidwa kulowa m'kayendedwe kosakhala kawo. Muyerekeze ndi Lazy Bones!! ya mu 1975: anthu ambiri ndi omwewo, koma apa apeza mawu awoawo, ng'oma yakhazikika, nyimbo zili ndi mutu ndi mchira. Amene amati chimbale choyambacho chimaposa chimenechi amakonda mbiri kuposa nyimbo.

Chachitatu, chimene chandivuta kwambiri pa nyimbo za mwana wa mlongo wanga, ndi kusadziwa poleka. Riff yabwino imodzi si nyimbo. Anyamata akaipeza amaikwera ngati njinga yobwereka, mphindi zisanu ndi ziwiri osatsika, kenaka n'kuima chifukwa wang'oma watopa. Kampani ili ndi zoipa zake, koma imabweretsa khutu la mlendo, munthu amene sanali nawo pamene nyimboyo inkapekedwa ndipo saopa kunena kuti yatalika. Gulu lodzijambula lokha limasowa munthu ameneyu, chifukwa onse ozungulira ndi abale ndi zibwenzi.

Kodi si nyimbo za Satana? Gulu lodzitcha WITCH likanakhala la anthu abwino?

Ngakhale m'Chingerezi witch ndi mfiti, dzinalo ndi chidule cha mawu akuti We Intend To Cause Havoc, kunena kuti tabwera kudzautsa chipwirikiti, chipwirikiti chake cha pabwalo lovinira. Jagari mwiniyo anadzakhala mphunzitsi wa nyimbo, n'kukhala Mkhristu wolimbikira, ndipo kwa zaka zambiri ankadya za kukumba miyala ya mtengo wapatali. Paul Ngozi ankaimba za moyo wa m'makomboni, za njala, ulova ndi makhalidwe a anthu a m'tauni. Kunja alipodi magulu ena a metal amene amadzikongoletsa ndi zigaza ndi mitanda yozondoka, ambiri pofuna kuopseza makolo ndi kugulitsa malaya, ochepa mochokera pansi pa mtima. Aliponso a metal oimba za Yesu. Mukafuna kudziwa za mwana wanu, mufunseni akulembereni mawu a nyimbo yake papepala. Ine ndinatero. Nyimbo imene agogo anaiyesa chigayo ikudandaula za mtengo wa fetereza.

Ngati zinali zofooka, bwanji anthu akunja akuzifunafuna lero?

Zamrock inafa imfa yowawa. Mtengo wa mkuwa unagwa pakati pa zaka za m'ma 1970, anthu n'kusowa ya chimbale. Chakumapeto kwa zakazo ndege za Rhodesia zinkaponya mabomba m'dziko muno, boma n'kuletsa kuyenda usiku, magulu n'kutsala ndi zoimba masana. Kenaka disiko ndi kalindula zinalanda bwalo, ndipo Edzi inatenga oimba ambiri m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Mbale zinatsala m'makatoni, zina ana n'kumaponyerana ngati zivundikiro za mapoto. Patapita zaka pafupifupi 30, osonkhanitsa mbale zakale a ku Ulaya ndi America anazitulukira. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inatulutsanso nyimbo za Rikki Ililonga ndi Musi-O-Tunya mu 2010, za WITCH mu 2012, ndi zimbale ziwiri zosakaniza za Welcome to Zamrock! mu 2017. Mu 2019 kunatuluka filimu ya Gio Arlotta yonena za Jagari, ndipo mu 2023 WITCH inatulutsa chimbale chatsopano, Zango, chojambulidwa ku dB Studios ku Lusaka.

Koma pali kanthu kamene kamandikwiyitsako. Ena mwa okonda akunjawa amakonda kukhakhalako pakokha, ngati kuti mluzu wa tepi ndiye Africa. Oimbawo sankafuna mluzu. Ankafuna situdiyo yabwino ngati ya anzawo a ku London, ndipo amene anapeza mpata anathamangira ku Nairobi. Chitsanzo chabwino ndi chimbale chokhacho cha Amanaz, Africa, cha mu 1975, chojambulidwa ku Malachite ku Chingola. Chinatuluka m'mitundu iwiri, wina wouma, ng'oma ndi mawu zili pafupi, wina wodzaza ndi mamvekero ngati akuimbira m'phanga. Anthu amakangana kuti wabwino ndi uti, koma nyimbo zake zimaima m'mitundu yonse iwiri. Chimene chinapulumutsa chimbalecho ndi kapekedwe.

Achinyamata a ku Petauke kapena Nyimba angatani kuti zoyamba zawo zimveke bwino popanda ndalama zambiri?

Zambiri n'zaulere. Tchunani magitala musanayambe nyimbo iliyonse, osati kamodzi m'mawa. Thawani chipinda cha makoma opanda kanthu ndi denga la malata. Chipinda chokhala ndi matumba a chimanga, matiresi ndi mabulangete chimameza mamvekero oipa. Foni ikhale kutali ndi ng'oma, pafupi ndi besi, ndipo yesani malo atatu kapena anayi musanasankhe. Fuzz ichepe kuposa mmene mumaikondera pasiteji, chifukwa pojambula imachuluka yokha. Mawu a woimba mukhoza kuwajambula pambuyo pa foni ina n'kuwaphatikiza pa kompyuta. Magetsi nawo muwawerengere: chaka cha 2024, madzi atachepa ku Kariba, anyamata aja ankayeserera usiku pakati chifukwa ndi pamene magetsi ankabwera, ndipo aneba sanaiwale. Nyimbo zitatu zakupsa zimaposa khumi zosapsa.

Langizo langa lalikulu silikhudza zida. Imbani m'Chinsenga kapena m'Chinyanja, ndipo riff muifune kwanu. M'dziko la Mfumu Kalindawalo ya Ansenga muli chuma chimene anthu akutali anachiona kale: mu 1961 katswiri wa nyimbo John Blacking anafika m'boma la Petauke n'kulemba za kaimbidwe ka kalimba ya Ansenga, mmene zala ziwiri zazikulu zimasinthanirana tizidutswa tobwerezabwereza. Kachidutswa kobwerezabwereza kamene kamanyamula nyimbo yonse, si riff imeneyo? Mnyamata amene angakhale pansi pa mwambo wa Tuwimba n'kumvetsera ng'oma ndi khutu la woimba gitala, kapena kupempha agogo amuimbire kalimba pang'onopang'ono, adzabwerako ndi chinthu chimene gulu la ku Birmingham silingapeke. Wotengera Metallica ali pa mzere wa anthu zikwizikwi, ndipo ali kumapeto kwake.

Nanga nyimbo zojambulidwa popanda kampani mwini wake ndani, ndipo zingadzabweretse ndalama?

Mwini wake ndi amene anazipeka ndi kuzijambula, malinga ngati sanasaine pepala lozipereka kwa wina. Uwu ndi mwayi waukulu wa gulu lopanda kampani, ndipo ambiri amautaya mosadziwa. Pali umwini wa nyimbo yopekedwayo, ndi umwini wa chojambulidwacho. Munthu wa situdiyo akakuuzani kuti ajambula ulere, funsani kuti chojambulidwacho chikhala cha yani. Gwirizanani nokhanokha, polemba, kuti wapeka ndani ndipo mudzagawana bwanji, mukadali pa chibale. Kalembetseni ku ZAMCOPS, bungwe loteteza umwini wa nyimbo m'Zambia. Ndipo sungani choyambiriracho m'malo awiri kapena atatu. Pamene Zamrock inkatulutsidwanso, amene anasunga matepi awo anali ndi pogwira, pamene nyimbo zina anachita kuzikopera pa mbale zakale zokandika chifukwa matepi anasowa.

Za ndalama sindilonjeza munthu. Magulu ambiri amatha asanagulitse kanthu. Koma zimachitika. Mu 2023 Travis Scott anatenga kachidutswa ka nyimbo ya Amanaz n'kukaika m'nyimbo yake yotchedwa Sirens. Mu 2024 Tyler, the Creator anamanga nyimbo yake Noid pa Nizakupanga Ngozi ya Ngozi Family, ndipo achinyamata mamiliyoni a ku America anamva Chinyanja cha ku Lusaka cha mu 1977, mwini wake atagona m'manda zaka 35. Zikatere, funso loyamba la maloya limakhala lakuti pepala lili kuti ndipo lili m'dzina la yani.

Mwana wa mlongo wanga ndinamuyankha kuti nyimbo yachiwiri ndi yabwino, yoyamba ndi yachinayi azidule pakati, yachitatu aijambulenso tambala atagona. Anakwiya masiku awiri. Tsiku lachitatu anandiimbira foni kufunsa ngati kalimba ya malemu agogo ake aamuna ikadali m'sutikesi muja, ndipo ndinamuuza kuti akafunse amayi ake, chifukwa makiyi amasunga ndi iwo.